Sanda ya Amayi Pansi pa Katundu

Anthu ogula amaona ngati kabwandire amagwa kuchokera kumwamba. Amadzuka m'mawa n'kupeza bwalo lomwe dzulo pamadya mbuzi ladzaza zovala, mapoto, nsapato, sopo ndi anthu okuwa mitengo. Pofika madzulo zonse zasowa, pangotsala mapepala ndi makoko a nzimbe. Sadziwa kuti msika woyendawu umayenda pamsana pa anthu. Ine ndagulitsa kaunjika m'misika imeneyi kuyambira mwana wanga woyamba ali kumbuyo, lero ali pabanja pake. Lero tili kwa Kanyenda, mawa ku Dwangwa, mkuja kwina kumtunda, kugona m'makonde a masitolo, kusamba kumaso pamjigo wa eni ake omwe amakuyang'ana ngati wabwera kudzazula mjigowo. Sindinena kuti ndimaikonda ntchitoyi. Ndi imene ndimaidziwa basi.

Timayenda ndi lole imodzi, ndipo pa lolepo pali ulemu wake. Mitolo ya akale imakwezedwa poyamba n'kukhala pansi, ya obwera kumene imakhala pamwamba. Pamwamba ndi pamene pamagwa mvula tenti ikabooka, ndi pamene nthambi zimakola, ndi pamenenso dzanja la wakuba limafika lole ikamakwawa pachitunda. Zonse zikakwera amaphimba tenti n'kumanga chingwe chimodzi chachitali, ndipo chingwecho sichimasulidwa panjira mpaka lole itaima pabwalo la msika. Lamuloli lidabwera chifukwa kale katundu ankasowa panjira, anthu n'kutsala pang'ono kutemana ndi zikwanje. Malo apansiwo ine ndidawavutikira zaka. Ndidakangana ndi amuna, ndidatukwana okweza katundu, ndidatchedwa mayina omwe sindingalembe pano. Tsiku lomwe mtolo wanga udayamba kukwera poyamba ndidagulira anzanga mandasi, ndikuyenda ngati lole ndagula ndine.

Amayi anga ankakhala kwathu kwa Malengachanzi pamodzi ndi achimwene ndi akazi awo. Ankalima mpunga kudambo, ndipo ukalamba sudawachotse khasu m'manja. Ife ndife Asilamu. Munthu akamwalira timamusambitsa, timamukulunga m'nsalu yoyera yomwe timati sanda, n'kumuika tsiku lomwelo, sitigoneka maliro. Mkazi amasambitsidwa ndi akazi anzake kunyumba, ndipo kumanda kumapita amuna okha. Amayi adagula sanda yawo ali moyo, n'kuisunga m'sutikesi. Koma pamudzi palibe chinsinsi. Padagwa maliro kwa aneba osauka, anthu adabwera kudzagwada kuti abwereke nsaluyo, adzabweza akakolola. Ndani angakanize maliro nsalu? Idapita, ndipo mpaka lero eni akewo akadali kukolola.

Chaka chotsatira amayi adagulitsa mpunga wawo n'kugula ina. Nditapita kukawaona adandiitanira kuchipinda, natseka chitseko, naitulutsa pansi pa mkeka.

"Iwe, tenga iyi uziyenda nayo," adatero. "Pakhomo pano ikagonanso ipita ngati inzake ija. Pamsewu palibe adzakupemphe."

"Nanga amayi, mukadzatisiya ine ndili kutali?"

"Ine ndidzadwala kaye, sindine nkhuku ya chitopa yongogwa poyenda. Adzakuitana, udzabwera. Udzandisambitse ndiwe, alamu akowa amatsuka mbale ngati akumenyana nazo. Ukatero udzandikulunge mu iyi. Mpunga wogulira ndalima ndekha. Sindifuna kukaonekera kwa Mulungu nditavala zopemphetsa."

Tidaseka tonse, ine n'kulonjeza zonse ziwiri, kusambitsa ndi kukulunga. Nsaluyo ndidaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuisokerera pansi penipeni pa mtolo wanga wa kaunjika. Ndidaona kuti palibenso malo ena otetezeka kuposa amenewo, pansi pa mtolo womwe umakhala pansi pa mitolo yonse. Yemwe ankadziwa adali mnzanga mmodzi yekha wogulitsa mapoto, mayi wa kumpoto yemwe makolo ake adabwera kunyanja kuno kudzapha nsomba. Iye ndi Mkhristu, ndipo ankandiseka kuti ndine ndekha pa kabwandire yense woyenda ndi bokosi la maliro m'katundu.

Lidali dzinja, nyengo yoipa pa ntchito yathu. Anthu amakhala alibe kanthu m'manja, amangotembenuza malaya n'kuwasiya, ndipo mvula ikagwa aliyense amathawa, iwe n'kutsala wekha kukumbatira zovala zonyowa. Tidagona ku Dwangwa. M'mawa kwambiri lole idanyamuka kupita kumsika wina wa kwa Kanyenda, chakunyanja, kudutsa m'minda ya nzimbe. Anzanga adakwera pamwamba pa katundu monga mwa masiku onse. Ine ndidatsalira chifukwa foni yanga idali itazima kuyambira dzana lake, ndiye ndidati nditchaje kaye pa kashopu ka ometa, ndiwatsatire pa njinga yamoto ya kabaza. Nditangoiyatsa, isadakhazikike n'komwe m'manja, idalira. Adali achimwene.

"Chemwali, uli kuti? Takhala tikukuimbira kuyambira mbandakucha."

"Ndili ku Dwangwa, achimwene. Kwagwanji?"

"Amayi atisiya. Apemphera swala ya m'mawa bwinobwino, akuti apume pang'ono pamkeka, osadzukanso. Tiika ikatha swala ya masana. Kwera galimoto pompano, azimayi akudikira iwe kuti asambitse."

Sindidalire nthawi yomweyo. Chimene chidayamba kundifikira ndi mkwiyo, kukwiyira amayi omwewo. Si inu munkati mudzadwala kaye? Ndidatuluka m'kashopuko ndili mbuu, n'kuima m'mbali mwa msewu waukulu. Pomwepo padali minibasi yoloza kuboma la Nkhotakota, injini ikulira, mwatsala malo a munthu mmodzi. Kondakitala adachita kundigwira mkono. "Tiyeni amayi, mukakwera inu tikunyamuka." Dzuwa lidali lisadakwere. Ndikadakwera, ndikadafika kwathu nthawi ilipo yambiri.

Koma sanda idali pa lole, ndipo lole idali italowera kumpoto, kwathu kuli kummwera. Ndidaima pamenepo ndikumva mawu a amayi akuti sindifuna kuvala zopemphetsa. Ndidadziuza kuti kumsikako si kutali, lole iyenera kuti yafika kale, chingwe amasula, mtolo wanga uli pansi pabwalo ukundidikira. Ndikangotsopola nsaluyo n'kubwerera, ndikapeza minibasi ina. Ndidalonjeza ziwiri, ndichita ziwiri. Ndidachotsa mkono wanga m'dzanja la kondakitala n'kuitana wa kabaza.

Tidasiya tala n'kulowa msewu wa dothi pakati pa nzimbe. Mvula ya usiku idali itausandutsa phala. Njinga inkaterereka, ine ndikumenya wa kabaza pamsana kuti athamange, iye akundiuza kuti akandigwetsa ndisamudandaule. Tisadafike n'komwe kumsika, pokhota pena, ndidaiona lole. Idali itatitimira m'matope mpaka mateyala akumbuyo osaoneka, itapendekera mbali imodzi, tenti ndi chingwe zili momwe adamangira ku Dwangwa. Anzanga adali atakhala m'mbali mwa munda, ena akutafuna nzimbe, akudikira thalakitala yomwe munthu wina adapita kukapempha.

Ndidathamangira kwa adalaivala, bambo wonenepa wosakonda kuyankhula kawiri.

"Adalaivala, amayi anga amwalira. Ndimasulireni chingwe nditenge nsalu yawo m'mtolo mwanga."

"Pepani ndi maliro, amayi. Koma inu ndinu akale, lamulo mukulidziwa. Chingwe ichi ndikamasula pano, chikasowa kanthu mlandu ndi wanga. Komanso mtolo wanu uli pansi. Mukufuna titsitse lole yonse tiike pati, m'matope umu?"

Adanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndidafuna kumuluma. Ena mwa amuna adayamba kung'ung'udza kuti katundu wawo ndi wa nsapato zatsopano, wina akuti wake ndi shuga ndi mchere, zikanyowa adya chiyani. Wina, mnyamata wa dzulodzulo yemwe mtolo wake unkakhala pamwamba penipeni, adati nsalu yoyera imagulitsidwa paliponse, bwanji osakagula kuboma. Ndidamuyankha mawu oti amayi ake akadawamva akadandisumira. Kenako ndidagwada m'matope momwemo, ine amene sindidagwadirepo mwamuna aliyense pa kabwandire, n'kuyamba kupempha mmodzimmodzi pomutchula dzina. Ndidawakumbutsa maliro awo omwe ndidapitako, ana awo omwe ndidawanyamulira. Palibe adandiyang'ana kumaso.

Foni idalira. "Wafika pati?" adafunsa achimwene.

"Ndili m'njira, achimwene. Auzeni azimayi asayambe, ndikubwera ndi nsalu ya amayi."

"Nsalu yanji? Iwe bwera, za nsalu tiona konkuno."

Iwo sankadziwa za nsaluyo, ndipo padalibe nthawi yowafotokozera. Ndidadula foni, ndidakwinya chitenje, n'kukwera pa lole ndekha. Ndidayamba kulimbana ndi mfundo ya chingwe ndi zala, kenako ndi mano. Chingwe chonyowa chomangidwa ndi amuna sichimvera mkazi wolira. Zikhadabo zidathyoka, mfundo ili chikhalire.

Amene adandipulumutsa ndi mnzanga wa mapoto uja. Adaimirira, nadzikung'untha, nayankhula mosakweza mawu.

"Yayi, abale, izi n'zamanyazi. Mama uyu watigwadira, ife tikutafuna nzimbe? Adalaivala, masulani. Tonse tili pano, maso tili nawo, chikasowa kanthu mudzanditenge ine. Azimayi, tiyeni tithyole masamba a nzimbe tiyale pansi."

Azimayi adadzuka, amuna adatsatira mochita kukokeka. Adayala masamba ndi matumba pamtunda pang'ono, adalaivala n'kumasula chingwe akudandaula chapansipansi. Tidaima pamzere kupatsirana katundu. Ndidaona mitolo yonse ya kabwandire ikutsika umodziumodzi: ya obwera kumene, ya achaka chatha, madengu a mbale, makatoni a sopo, mitolo ya zitenje. Uliwonse wotsika unkandikumbutsa kuti ndidamenyera nkhondo ndekha kuti wanga ukhale pansi pa yonseyi. Dzuwa linkakwera, thukuta likulowa m'maso, ndipo lole imeneyi, yomwe ndinkaiona yaing'ono masiku onse tikamakanganirana malo, tsiku limenelo idali yosatha.

Mtolo wanga utaonekera sindidadikire kuti autsitse. Ndidalanda mpeni kwa wogulitsa nsomba zouma, ndidaung'amba pansi pake pomwepo, madiresi ndi mabulauzi n'kukhuthukira m'matope. Pulasitiki ija idali momwemo, nsalu ili youma, yoyera ngati tsiku lomwe amayi adandipatsa. Ndidaifungatira pachifuwa. Mnzanga uja adati ndisiye zonse atola ndi iye, ndithamange.

Kubwerera ku Dwangwa ndi wa kabaza yemwe uja kudali kofulumirako, koma pamsewu waukulu ndidapeza minibasi yopanda munthu, yoyamba kumene kuitanira. Aliyense amene adakwerapo minibasi amadziwa kuti yopanda anthu sinyamuka ngakhale ulire magazi. Ndidakhala kutsogolo, ndidatsika, ndidayamba kuitanira anthu ndekha kuposa kondakitala. Ndidakokera mkati mayi wina wa dengu la tomato yemwe ankafuna kuyamba wagula mafuta ophikira. Itanyamuka, inkaima paliponse pomwe paima munthu, ngakhale wongodikira kuwoloka msewu. Pena tidatsitsa matumba a makala, pena tidadikira bambo wina akutsanzikana ndi banja lake lonse. Msewu nawo udali wokumbikakumbika, dalaivala akuzemba maenje ngati akuvina. Ine ndidangogwira pulasitiki ija pamiyendo ndikupemphera mawu osalumikizika.

Tili chakumtsinje wa Bua achimwene adaimbanso.

"Chemwali, sitingathenso kudikira. Kumwamba kwada, ndipo okumba manda akuti madzi ayamba kale kutuluka pansi. Mvula ikagwa manda adzaza, tikumbanso ena. Ashehe akuti tisadutse swala ya masana."

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu, apempheni adikire mpaka swala ya madzulo. Ndatsala pang'ono. Amayi adandiuza ndekha kuti ndidzawasambitse."

"Ndapempha kale kawiri. Anthu abwera kuchokera m'mawa, maliro sangakhale chigonere chifukwa cha munthu mmodzi. Ukadakwera nthawi ndidakuimbira ija, bwenzi uli pano."

Pamenepo ndiye ndidalira, kulira kwenikweni, m'minibasi modzaza anthu osawadziwa. Mayi wa tomato uja adandisisita pamsana osafunsa kanthu. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mwambi umenewu ndidaunenapo kambirimbiri kwa anzanga ofuna kuyala katundu m'misika iwiri tsiku limodzi. Sindidaganizepo kuti udzandipeza ine, pa maliro a amayi anga.

Ndidatsika pamphambano ya kwathu mitambo itachita bii. Kuchokera pamsewu kukafika kumudzi pali kanjira kodutsa pakati pa minda ya mpunga. Ndidavula masilipasi n'kuthamanga. Ndisadafike pakati ndidamva mawu a amuna akubwera, akutchula dzina la Mulungu pamodzi monga amachitira ponyamula maliro. Kenako ndidaliona jeneza, chonyamulira maliro chathu, litaphimbidwa ndi nsalu yobiriwira, likuyenda pamapewa, amuna akulandirana mofulumira kuthawa mvula. Kanjirako n'kakang'ono, ndipo mkazi saima panjira ya jeneza. Ndidatsikira m'munda, madzi n'kundifika m'mawondo, pulasitiki nditainyamula m'mwamba kuti isanyowe.

Amayi adandidutsa pafupi kwambiri, moti ndikadatambasula dzanja ndikadakhudza nsalu yobiriwirayo. Achimwene adali kutsogolo, phewa lili pansi pa mtengo wa jeneza. Adandiona, adayang'ana chomwe ndidanyamula, n'kubweza maso kutsogolo. Sadaime, ndipo sakadatha kuima. Ndidafuna kukuwa kuti amayi, ndabwera nayo, koma jeneza lidali litadutsa kale. Ndidaima m'madzimo mpaka mawu a amuna aja atazimirira kumitengo ya kumanda, madontho oyamba a mvula akugwa papulasitiki.

Kunyumba ndidapeza azimayi atakhala pakhonde ndi m'nyumba. Madzi osambitsira adali atatayidwa kale, mkeka wa amayi utapindidwa pakona. Alamu anga adandilandira, adandikhazika pansi, nandipatsa chitenje chouma. Ndidawafunsa kuti wasambitsa ndani.

"Ndine, alamu, ndi azimayi awiri a kumzikiti. Tawasambitsa bwino, mofatsa. Musadandaule."

"Nanga nsalu?"

"Achimwene anu anazungulira m'makomo m'mawa, anthu anasonkha ndalama yogulira, ina yotsala anatithandiza a kumzikiti. Yakwanira bwinobwino."

Ndidatsegula pulasitiki ija n'kuwaonetsa, ndikufotokoza za mpunga, za lole, za chingwe. Ndinkayankhula mofulumira ngati ndikuitanira malonda, ngati wina anena kuti ndidachita bwino. Alamu adaigwira nsaluyo ndi nsonga za zala, adandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, chopanda chipongwe, n'chifukwa chake mawu awo adandilasa.

"Mukadangobwera chimanjamanja, alamu. Madzi tinawatenthetsa kawiri tikudikira inu."

Amayi adapempha zinthu ziwiri zokha pa moyo wawo wonse wolima m'madzi, ndipo adapita opanda ngakhale chimodzi, atasambitsidwa ndi manja omwe ankawaseka, atavala zopemphetsa. Ashehe adandiuza pambuyo pake kuti Mulungu sayang'ana komwe nsalu yachokera. Ndikukhulupirira kuti adanena zoona, koma amene ndidawalonjeza si ashehe.

Patapita masiku a maliro ndidabwerera ku kabwandire, chifukwa mimba sidziwa kuti mwini wake ali pachisoni. Mnzanga wa mapoto adali atachapa zovala zonse zidagwera m'matope zija, atasoka mtolo. M'mawa wokweza katundu, okweza adabwera kudzatenga wanga poyamba monga mwa kale. Ndidaukhalira. Ndidawauza kuti ayambe akweza ena onse, wanga ukwere pomaliza. Adaseka, akuti amayi awa maliro awasokoneza mutu, malo omwe adatitukwanira aja akuwasiyira ana? Adalaivala okha sadaseke.

Mpaka lero mtolo wanga umakwera pomaliza, pamwamba penipeni, kunja kwa chingwe, nditaumanga ndi kachingwe kangakanga komwe ndingamasule ndi dzanja limodzi. Umanyowa, umadya fumbi, ndipo akuba adausololapo kale madiresi pachitunda china. Nsalu ija ndidaisokereranso momwemo. Pakhomo sindingaisiye, ingabwerekedwe, ndipo kuigulitsa sindingathe. Tsopano ndi yanga. Mnzanga uja ndidamuuza kale kuti ndikadzagwa pamsika wina uliwonse, asadzavutike kuitana anthu otsitsa lole, angokwera pamwamba n'kung'amba pansi pa mtolo. Mwana wanga wamkazi ndidamuuza zina. Ndidati ukadzamva kuti ndapita, kwera galimoto yoyamba yomwe waipeza, usadzabwerere kukatenga kanthu.